Akamagumula malo akale a bizinesi, tifunse kumene madzi a mvula azipita

Munthu akagula malo akale a bizinesi n'kugumula zonse kuti amange mashopu atsopano, ine ndikuti asapatsidwe chilolezo pongolonjeza kuti madzi otuluka pamalopo sachuluka kuposa kale. Zinthu pamalopo zinali zitaipa kalekale. Malo amene anakutidwa ndi phula ndi konkire zaka makumi angapo zapitazo akhala akuthira uve mumtsinje nthawi yonseyi, ndipo tsiku limene makina afukula phulalo ndi pamene pali mpata wokonza. Akathiranso latsopano, mpatawo wapita mpaka m'badwo wina.

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, apo pagwa lita imodzi ya madzi. Ndiye pamalo a hekitala imodzi, denga ndi poimika magalimoto, mvula ya mamilimita 25 imasiya malita 250,000. Patchire ambiri mwa madziwa amalowa pansi. Paphula pafupifupi onse amathamangira m'ngalande, n'kukafika kumtsinje nthawi imodzi, kugumula magombe ndi kulowa m'nyumba za anthu okhala kumunsi, anthu amene palibe anawafunsa kanthu pamene pulani inkajambulidwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zimene madziwo anyamula. Mvula ikayamba patapita masiku a dzuwa, taimani pafupi ndi ngalande ya poimika magalimoto muone. Madzi oyambawo amabwera akuda bii, oyilo akunyezimira pamwamba ngati utawaleza, zotsalira za ndudu ndi timapulasitiki zikuzungulira pakhomo pa paipi. Zina sizioneka ndi maso: zinki wochokera kumalata, kopa wa m'mabuleki, fumbi la matayala. Mu 2020 ofufuza a ku University of Washington, ku America, anapeza kuti mankhwala otchedwa 6PPD, amene amaikidwa m'matayala kuti asang'aluke msanga, akakumana ndi mpweya wa ozoni amasanduka poizoni. Poizoniyu ndi amene ankapha nsomba za coho salmon m'timitsinje ta ku Seattle zisanaikire mazira. Ofufuza a dera lomwelo anali ataona kale kuti madzi a mumsewu omwewo akadutsa m'dothi losakaniza mchenga ndi manyowa, nsombazo sizifa. Mchenga ndi manyowa basi, abale.

N'chifukwa chake sindimva omanga akamati kusefa madzi a mvula n'kovuta. Poimika magalimoto pakhoza kupendekera kumabedi okumbidwa motsikirako, odzalidwa udzu ndi zitsamba, kuti madzi aime pang'ono, asefeke, kenako alowe pansi kapena atuluke pang'onopang'ono. Madzi a padenga akhoza kusungidwa m'matanki n'kumagejemulira zimbudzi. Pamene sipadutsa magalimoto olemera pakhoza kuyalidwa njerwa zosiya mipata. Mzinda wa Philadelphia, ku America, umalamula kuti omanga pamalo aakulu asamale mvula yoyamba ya mainchesi 1.5, pafupifupi mamilimita 38, pamalo pawo pomwepo. Ku Wales, m'dziko la United Kingdom, kuyambira mu 2019, womanga pamalo okwana masikweya mita 100 kapena kuposa ayenera kuvomerezedwa kaye njira yake yosamalira madzi a mvula asanayambe ntchito. Mashopu akumangidwabe m'malo onsewa.

Koma pamalo akale pamafunika maso. Ngati panali pomwetsera mafuta, galaja kapena fakitale, m'nthaka mungathe kukhala petulo wodontha m'matanki okwiriridwa, kapena mankhwala otsukira zitsulo. Kulowetsa madzi m'nthaka yotere ndi kukankhira poizoniyo kumadzi a pansi amene anthu amatunga m'zitsime. Nthaka iyezedwe kaye. Ikapezeka yoipa, mabediwo ayalidwe pulasitiki yolimba pansi, madzi osefedwa atuluke pa paipi. Ndipo nthawi ya ntchito yomanga, dothi likakhala pamtunda, mvula imodzi yokha imakokolola matope odzaza ngalande zonse za kumunsi. Milu ya dothi ifunditsidwe, pakhale dziwe logwira matope, matayala a malole atsukidwe asanalowe mumsewu.

Vuto lalikulu limabwera nyumba ikatsegulidwa. Kontilakita wapita, mwini malo wachititsa lendi, ndiye mabedi aja amadzaza mchenga ndi zinyalala, mipata ya njerwa imatsekeka, chosefera oyilo chimakhala chosapopedwa mpaka kusefukira. Pakapita zaka zochepa madzi amangodutsa pamwamba osasefeka. Ndikufuna chilolezo chilichonse chizitchula amene azisamalira zimenezi, kangati pachaka, ndiponso kuti malowo akagulitsidwa udindowo upite kwa wogulayo. Oyendera a khonsolo azibwera mvula ikugwa, atsegule chivundikiro cha ngalande, aone okha mtundu wa madzi amene akutuluka.