Inu ogula tiagalu pa foni, make mwamuona?

Ana inu, khalani pansi timvane. Ndatopa kumva madandaulo a anthu oti anagula kagalu ka mtundu, German Shepherd kaya Rottweiler, sabata isanathe kagalu kafa. Ukafunsa kuti munakagula bwanji, yankho ndi lomwelo: ndinaona chithunzi pa Facebook, ndinatumiza ndalama, tinakumana panjira, anandipatsira m'katoni. Make munamuona? Ayi. Komwe kanabadwira munafikako? Ayi. Nanga ndalama zanuzo munalipira galu kapena chithunzi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena ngakhale katoniyo saiona n'komwe: chikole chikangopita, nambala ya wogulitsa yazima, zithunzi zija anali atangoba pa intaneti.

Woweta wachilungamo sabisa galu wamkazi. Amakuitanani kwawo kuti mukaone tiana tikusewera ndi make, muone pogona ngati pali paukhondo, muone ngati madzi akumwa alipo. Makeyo mumuyang'anitsitse. Akakhala wamantha, wobisala pakona, kapena wolusa popanda chifukwa, kumbukirani kuti make mbuu, mwana mbuu. Mtima wa galu mbali ina ndi wakumtundu, mbali ina amautengera kwa make m'masabata oyambirira. Funsani kuti ali ndi zaka zingati, wabereka kangati. Galu wamkazi amafuna kukweredwa pafupifupi kawiri pachaka, bere lake ndi la masiku 63 kapena kuyandikira apo, ndipo munthu wadyera amamuberetsa ulendo uliwonse osamupumitsa mpaka atatheratu. Mukamva zoti "make ali kwa mbale wanga", nyamukani muzipita. Ameneyo ndi wogula n'kugulitsa chabe. Ku England malonda otere analetsedwa ndi lamulo mu 2020: kagalu kosakwana miyezi 6 umakatenga kwa amene anakaweta kapena kumalo osungira agalu osowa mwini.

Ndipo phuma lotenga kagalu ka masabata 4 kapena 5 mulisiye. Kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8. Pamenepo m'pamene kamaphunzira kuti kuluma kumapweteka, chifukwa kakaluma mnzake mopitirira, masewera amatha. Mukakachotsa msanga, mano amenewo kadzawayesera pa ana anu.

Tsono za katemera, apa ndiye pamene mumandiwawitsa mtima. Matenda a parvo, omwe anafalikira pa dziko lonse cha m'ma 1978, amabisala m'thupi masiku angapo asanaonekere. Kagalu mumakalandira kakugwedeza mchira, tsiku lachinayi kakana chakudya, kayamba kusanza, kenako kutsekula magazi onunkha, thupi lonse kuuma. Wogulitsa uja adzati munakadyetsa zoipa ndinu. Katemera woyamba amabayidwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata 3 kapena 4 mpaka kakwane masabata 16. Wa chiwewe amabwera cha pa miyezi 3. Mankhwala a njoka za m'mimba amayambika kakadali ka masabata 2. Mawu akuti "kanabayidwa kale" si umboni. Pemphani khadi, muone tsiku, kapepala komatidwa kochokera pa botolo la katemera, ndi siginecha ya dokotala wa ziweto. Dokotalayo muimbireni, palibe chochititsa manyazi.

Musaganizenso kuti magazi osasakanizika ndiye thanzi. Mtundu uliwonse uli ndi nthenda zake zakumtundu. German Shepherd, Rottweiler ndi Labrador amavutika ndi mfundo za m'chiuno zosalumikizana bwino, zomwe pa kagalu simungazione, zimadzatulukira galu atakula n'kuyamba kutsimphina. N'chifukwa chake woweta wodziwa ntchito amajambulitsa X-ray bambo ndi make asanawakumanitse, ndipo zotsatira amakuonetsani. Pug ndi French Bulldog, chifukwa cha mphuno zophwatalala, ambiri amapuma movutikira. Mapepala a mtundu ochokera ku bungwe lolembetsa agalu amangonena makolo ake, sanena kuti galu ali bwino.

Woweta wabwino mudzamudziwanso ndi mafunso ake. Adzafuna kudziwa ngati muli ndi mpanda, amene amatsala pakhomo masana, ngati munasungapo galu wamkulu chotere. Musakwiye, akudziwa kuti galuyo mukhala naye zaka 10 kapena kuposa. Adzakuuzani kuti zikakukanikani mubweze kwa iye, ndipo mwina adzakudikiritsani miyezi chifukwa tiana sakhala nato nthawi zonse. Amene ali ndi mitundu isanu, mwezi uliwonse tiana tatsopano, n'kumakufulumizani kuti wina akubwera ndi ndalama madzulo, ameneyo mtayeni.

Ena mumati ndinakagula chifukwa cha chisoni, kanali kowonda, utitiri thupi lonse. Chisonicho ndikuchimvetsa, koma ndalama yanuyo ndi imene idzaberetsenso make uja. Kauzeni a bungwe loteteza nyama kapena a zaziweto. Ndipo inu amene kagalu kanakuferani ndi parvo, musathamangire kukatenga kena mawa. Kachilombo kameneka kamakhala m'dothi la pabwalo miyezi yambiri, mwina chaka. Zogonera tenthani, mbale ndi simenti tsukani ndi bulichi, ndipo galu wolowa pakhomopo akhale woti katemera wake anamaliza yense.