Kulemba paipi musanadule: za ku Ndirande, ku Kitwe ndi ku Joni

Amisiri athu owotcherera zitsulo a ku Ndirande ndi ku Mchesi ali ndi diso lakuthwa, zimenezo sindikana. Koma ikafika nthawi yolumikiza paipi pamimba pa inzake, ambiri amangoyerekeza ndi maso, kulemba ndi msomali, basi galainda ili pamoto. Mpata ukatsala amaudzaza ndi marodi. Pageti zimatheka. Pathandala la thanki yamadzi, mtima wanga sukhala m'malo.

Ndinaona zina kwa mdala wina wa ku Kitwe amene anakulira m'migodi ya kopa ya ku Zambia. Iye sadula asanakulunge. Amazunguliza katoni yowongoka papaipi mpaka m'mphepete mukumane ndendende, mzere wozungulira watuluka. Akafuna mzere wa m'litali amagoneka angle iron, chitsulo chooneka ngati L, pamsana pa paipi, chifukwa imakhazikika yokha osapendekeka. Kenako amatambasula katoni ija, kuipinda magawo 16, kuika madontho a kuya kwa mphako, malo okumbika a kumapeto kwa paipi okhalira pamimba pa inzake, n'kudula ndi sizasi. Akaivekanso papaipi amalemba ndi choko chamwala chosafufutika ndi moto, ndipo amakhoma timadontho ndi panchi kuti mzere usasowe. Akadula, mapaipi awiri amakumbatirana ngati chivindikiro pa poto.

Anandichenjezanso pa chinthu chimene chimagwetsa ambiri. Paipi yomwe timaitchula kuti ya 2 inchi, kunja kwake ndi mamilimita 60.3, ndiye kuzungulira kwake ndi pafupifupi 189. Chubu chachitsulo cha 2 inchi kunja kwake ndi 50.8 basi. Katoni ya chimodzi singagwire ntchito pa chinzake, n'chifukwa chake iliyonse amailemba saizi n'kuipachika pamsomali.

Abale amene amawotcherera ku Johannesburg amatiuza za lamba wogula wokulungira paipi, za mapepala osindikiza pakompyuta ndi makina oboola mphako. N'zabwino ngati mukudula mapaipi ambirimbiri ofanana tsiku lililonse. Koma mmisiri wa pansi pa mtengo wamango, amene lero akukonza ngolo mawa shedi, makinawo angabweze liti ndalama yake?

Ine ndili kumbali ya mdala wa ku Kitwe. Tepi yosafufutika manambala, sikweya yoona, panchi, choko, chidutswa cha angle iron ndi katoni, zonsezi zimapezeka pamsika. Paipi ya galavanaizi imakana choko, pamenepo tengani maka yakuda. Mphindi khumi zolemba katoni ndi zochepa poyerekeza ndi paketi ya marodi imene imathera kutseka mipata, makamaka pamene kasitomala anakulipirani kale ndipo mtengo sungasinthenso.