Mdima wake sunafanane ayi

Mwalemba bwino akulu, koma pomwe mukuti namondwe akabwera tonse timakhala mumdima chimodzimodzi ndiye ndakana. Ine ndimakhala ku Bangula kuno. Namondwe wa Ana atagumula damu lopangira magetsi la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, inde ku Blantyre ndi ku Lilongwe nako magetsi amavuta, koma kumeneko amathima m'mawa madzulo abwera, enanso amangoliza jenereta basi. Kuno mapolo enieniwo anagwa, mawaya ali m'matope, msewu wochokera ku Chikwawa unaduka malo angapo ndiye okonzawo akanadutsa pati?

Chigayo chinaima, amayi anga ndi ukalamba wawo anabwerera pa mtondo kusinja kachimanga komwe tinapulumutsa m'madzi. Mlamu wanga amagulitsa mafilizesi pamsika, ndi kutentha kwa kuchigwa kuno bizinesi imeneyo imadyetsa banja, koma fuliji inangosanduka kabati yosungira mbale. Foni timakatchajitsa kwa munthu wa sola, mzere wake ngati wolandira ufa, chonsecho abale kumtunda akuimba osatipeza kumaganiza kuti madzi atitenga.

Chimandiwawa nchakuti Kapichirayo ili m'boma la Chikwawa loyandikana nafeli, madzi ake ndi a Shire yemweyu amene amatikokolola. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 zinalinso zomwezo, ndipo anzathu a ku Makhanga kutsidya kuja ofikako ndi bwato basi, iwowo ndiye osakamba.