Zolinga za chaka chatsopano kwa amene anataya zonse

A mlembi, mwati tiiwale zakale n'kulemba zolinga zikuluzikulu za chaka chatsopano. Pamenepo ndiye sindikukuvomerezani. Munthu amene madzi anamukokolera nyumba sachita kusankha kuti aiwale. Ife namondwe Freddy atatipeza mu Marichi 2023 tinangopulumuka ndi zovala za m'thupi, ndipo mpaka lero mvula ikalimba usiku mwana wanga wamng'ono amadzuka n'kuima pakhomo, wokonzeka kuthawa. Nanga chaka chatsopano sichibwera mkati mwa dzinja momwemo? Anzathu akamasangalala, ena mtima umakhala uli m'mwamba poyang'ana mitambo.

Chimene nkhani yanu sinatchule ndi mapepala. Nyumba anthu amakuthandiza kumanga, koma chiphaso, satifiketi ya sukulu, buku la kuchipatala la munthu womwa mankhwala tsiku ndi tsiku, zimenezo ukazitaya umayenda mpaka miyendo kutupa. Cholinga changa choyamba chinali chimenecho basi: kupezanso mapepala, kuwajambula pa foni, n'kuwasunga m'pulasitiki pamalo okwera. Chachiwiri chinali kugwirizana ndi ana malo okakumana tikabalalika, ndiponso aliyense kuloweza pamtima nambala ya foni ya wachibale mmodzi.

Ndipo inu anzanga owerenga amene mukulemba kuti "limbani mtima, zinapita", chonde chepetsani. Munthu akayamba kufotokoza za usiku umenewo, ngakhale kakhumi, musiyeni amalize. Mlamu wanga anakhala chete pafupifupi chaka chathunthu, tonse tikumuyamikira kuti ngolimba, kenako anasiyiratu kugona.