Chenjezo: Yonadabu amagona kwawo, iwe uli pasimenti

Loweruka lapitali ndinaperekeza mayi wina wa mumpingo mwathu kukaona mwana wake kundende. Tinanyamula nsima ya mgaiwa m'kontena, nyemba, ndi sopo mtanda umodzi. Pageti tinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, dzuwa likuswa mtengo. Mnyamatayo atabwera ndinachita kumuyang'anitsitsa kuti ndimuzindikire. Masaya alowa, mphere zili mbwee m'mipata ya zala, maso akungoloza pansi. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine m'kalasi asanabatizidwe. Ankaimba besi m'kwaya, ndipo pamaliro ndiye ankayamba kufika kumanda ndi khasu. Lero ali m'kati chifukwa cha njinga yamoto ya kabaza, yobedwa, imene inapezeka kuseri kwa nyumba yake itafundidwa masaka. Sanaibe ndi iye. Anangouzidwa kuti, "Aise, tangoisunga usiku umodzi wokha, mawa tiona zako."

Mayi ake anamufunsa kuti, "Nanga mnzako uja anabwerako kudzakuona?" Iye anangopukusa mutu.

Pobwerera, tikutsika minibasi, mnzakeyo tinamupeza pa siteji akudya chipisi, nsapato zili zatsopano. Anavula chipewa bwinobwino n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, adada?" Mayi uja anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, osayankha kanthu. Ine usiku umenewo tulo sindinatione, ndipo n'chifukwa chake ndikulankhula nanu lero, inu ana anga, ndiponso inu makolo anzanga amene mwatayirira.

Tsegulani 2 Samueli 13. Amnoni anali mwana woyamba wa mfumu Davide, ndipo mtima wake unadwala ndi chilakolako choipa pa Tamara, mlongo wake wa mayi wina. Koma onetsetsani: chilakolakocho chinali m'mtima, njira ndiye analibe. Ankangowonda, manyazi ndi mantha zikumugwira. Akanatha kukhala choncho mpaka moto uja utazima. Ndiye Malemba akuti Amnoni anali ndi bwenzi lake, dzina lake Yonadabu, munthu wochenjera ndithu. Sanali mlendo wochokera kutali ayi, anali mwana wa Simea, mbale wake wa Davide. Ankadyera mbale imodzi. Yonadabu sanamugwire Amnoni dzanja, sanamuopseze, sanamukakamize. Anangomufunsa ngati munthu womumvera chisoni kuti bwanji mwana wa mfumu akuwonda tsiku ndi tsiku. Atamva, anamupatsa nzeru: gona pakama, udzidwalitse, atate ako akabwera kudzakuzonda upemphe kuti Tamara adzakukonzere chakudya. Basi. Ntchito ya Yonadabu inathera pomwepo. Zotsalazo anachita Amnoni yekha, ndipo Tamara anatuluka m'nyumbamo akulira, phulusa lili kumutu, chovala chake atang'amba.

Patapita zaka 2, Abisalomu, mwana wina wa Davide, mlongo wake wa Tamara wa bere limodzi, anakonza phwando la kumeta nkhosa ku Baala-Hazori, ndipo Amnoni ataledzera anaphedwa pomwepo. Mphekesera inafika kunyumba ya mfumu kuti ana onse a Davide atha. Davide anang'amba zovala, nagona pansi. Mukudziwa amene anaima pamenepo mtima uli m'malo n'kunena kuti ayi mbuyanga, wafa ndi Amnoni yekha, Abisalomu anazikonza kuyambira tsiku lija? Yonadabu yemweyo. Ndiye kuti ankaona kumene zinthu zinkalowera, koma sitiwerenga kuti anapita kukachenjeza mnzakeyo. Tamara wawonongeka, Amnoni ali m'manda, Abisalomu wathawira ku Gesuri, koma Yonadabu ali kubwalo la mfumu, zovala zili zoyera, akutonthoza anthu.

Ana inu, mukamamva ife akuluakulu tikunena za anzanu oipa mumaganiza kuti tikunena munthu wa zipsera kumaso, wonunkha chamba, wotukwana pamsewu. Ameneyo ngakhale mwana wa sitandade 1 amamuthawa. Amene ndikukuchenjezani naye ndi waulemu uja, wodziwa kuseka, amene amakumvetsani kuposa mayi anu. Iyeyo sakubweretserani tchimo lachilendo. Amafufuza limene lili kale mwa inu, limene manyazi analitsekera, n'kulitsegulira khomo. Mukufuna ndalama zachangu, iye amadziwa wogula katundu wosafunsa risiti. Mtima wanu wagwa pa mkazi wa mwini, iye ali ndi nambala yake ndiponso chipinda cha kiyi. Mukuopa mayeso, iye akuti ali ndi wina amene ali ndi mapepala. Mukuti simumwa, iye akuti kamodzi sikapha, n'kukugulirani kabotolo koyamba ndi ndalama yake. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma amene amagulira mnzake koyamba aja sanathe, angosamukira ku timabotolo. Lero ena akuphunzitsana kubetcha pafoni, kandege kaja kamene kakuwulutsa fizi ya sukulu ndi mpamba wa geni. Funsani aliyense amene wamira m'ngongole chifukwa cha kameneko, akuuzani dzina la amene anamusonyeza podina.

Ndipo musandiuze kuti "ine ndimangocheza nawo, sindichita nawo." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri, ndipo ena amene ankawanena ndinakawaika m'manda ndi manja angawa. Salimo 1 likutchula munthu woyenda mu uphungu wa oipa, kenako woimirira m'njira ya ochimwa, kenako wokhala pansi pa bwalo la onyoza. Poyamba umangodutsa n'kupereka moni. Mawa waima pang'ono kumvetsera nthabwala. Mkuja akusungira mpando. Palibe tsiku limene munthu amadzuka n'kunena kuti lero ndasiya Mulungu. Amangozindikira kuti Lachitatu lapita osapita kumapemphero a m'mudzi, kuti nyimbo imene ankaimba ndi misozi tsopano akuiseka pamodzi ndi anzake, kuti akamva dzina la mbusa amayamba ndi iye kunyoza kuti asaoneke wotsalira. Petro analumbira kuti adzafa pamodzi ndi Ambuye wake, koma usiku womwewo anakakhala pamoto wa anyamata a mkulu wa ansembe chifukwa kunali kuzizira, ndipo funso la mdzakazi chabe linamugwetsa. Petro amene anayenda ndi Yesu maso ndi maso. Nanga iwe ndiwe yani kuti ukaothe moto umenewo n'kuchokapo wosanunkha utsi?

Masiku ano bwalo la onyoza lalowa m'thumba. Mwana ali m'chipinda, chitseko chotseka, makolo akuti mwana wathu ngofatsa, sayendayenda. Chonsecho ali pa gulu la WhatsApp limene zithunzi zake simungathe kuziyang'ana kawiri, akucheza mpaka tambala woyamba ndi anthu amene simunawaonepo.

Tsopano ndibwere kwa inu makolo, chifukwa mlanduwu suli pa ana okha. Mayi amene ndinamuperekeza uja anandiuza yekha, m'minibasi, kuti mnzake wa mwana wakeyo ankabwera pakhomo ndi shuga ndi buledi, nthawi zina n'kusiya ya mafuta ophikira. Anati, "Abambo, ndinkadziwa kuti sagwira ntchito, koma ndinkangoti Mulungu watiyendera." Ndinamumvera chisoni, poti njala ndimaidziwa. Komabe chilungamo chiyenera kunenedwa: shuga ameneyo ndiye anatseka pakamwa. Mwana wanu wamkazi wa fomu 3 wabwera ndi foni ya ndalama zoposa malipiro anu a mwezi, akuti wamupatsa mnzake, inu mukuti zikomo, mwinanso mukuibwereka kuti muimbire achimwene anu. Mnzake uti? Mwana wa yani? Amapemphera kuti? Makolo athu mlendo wa mwana ankamufunsa mudzi ndi mfunda wake asanamupatse mpando. Ife tikuopa kufunsa, akuti ana a masiku ano amakwiya. Akwiye! Eli anali wansembe, ankamva zonse zimene ana ake ankachita pa Silo, ankawadzudzula ndi mawu ofewa osawaletsa, ndipo Hofeni ndi Finehasi anafa tsiku limodzi.

Ngakhale ife a imvi tisadzinamize kuti zimenezi n'za achinyamata. Yehosafati anali mfumu yabwino ya Yuda, yofuna Yehova, yotumiza Alevi kukaphunzitsa chilamulo m'midzi. Koma anachita chibale ndi Ahabu, mfumu yoipa ya Israeli. Atapita ku Samariya anamuphera nkhosa ndi ng'ombe zambirimbiri, ndipo nyama ili m'mimba anavomera kupita naye kunkhondo ku Ramoti-Gileadi, ngakhale mneneri Mikaya anachenjeza poyera pamaso pa aneneri 400 onyengerera. Tsono mverani zimene Ahabu anamuuza pa tsiku la nkhondo: ine ndidzibisa, koma iwe vala zovala zako zachifumu. Ndiye kuti mivi ilunjike kwa mlendo. Yehosafati anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, atafuula kwa Mulungu. Pobwerera kwawo, Yehu mwana wa Hanani anamuchingamira ndi funso lakuti kodi n'koyenera kuthandiza oipa ndi kukonda odana ndi Yehova. Ndipo ubwenziwo sunathere pa iye: mwana wake Yehoramu anakwatira Ataliya wa kunyumba ya Ahabu, amene pambuyo pake anapha ana a banja lachifumu, n'kutsala kamwana kamodzi, Yowasi, kobisidwa m'Nyumba ya Yehova zaka 6.

Inu bambo a mumpingo amene muli ndi dzina labwino, mnzanu wa bizinesi akamati fomuyi musaine ndinu chifukwa anthu amakukhulupirirani, kumbukirani zovala za Yehosafati. Ndalama za boma zimene zinasowa ku Capital Hill, nkhani imene inaphulika mu 2013, sizinatengedwe ndi dzanja limodzi. Panafunika wina wolowetsa manambala mu kompyuta, wina wobwereketsa dzina la kampani yake, wina wokatapa kubanki. Aliyense anali ndi womuitana. Inunso amayi, Lachinayi mwavala yunifolomu yoyera, koma amene mumamuuza za m'nyumba mwanu ndi uja amati mwamuna sadalirika, khalani ndi wapambali wokugulirani ndiwo, kapena amene amadziwa sing'anga wa mankhwala okhazika bambo pansi. Banja lanu likadzapasuka, iyeyo lake lidzakhala lili chilili, ndipo ndiye adzayambe kufalitsa nkhani yanu pa mjigo.

Ndikudziwa yankho limene ena mwakonza kale: Yesu ankadya ndi amisonkho ndi ochimwa. N'zoona, ndipo ndani wa ife akanapulumuka akanapanda kutero? Koma taonani chimene chinkachitika pa tebulopo. Yesu atalowa m'nyumba ya Zakeyu ku Yeriko, Zakeyu ndiye anaimirira n'kulonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi zimene analanda. Wosinthika anali mwini nyumba. Tsono iwe wakhala pa bawo la kumowa lija chaka chathunthu ukuti ukuwalalikira. Ndi angati abwera nawe kutchalitchi? Nanga iweyo wajomba ma Sabata angati? Dokotala amalowa m'chipinda cha odwala chifuwa atavala zodzitetezera, ali ndi mankhwala m'manja, ndipo akamaliza amatuluka. Sakagona pabedi la wodwalayo.

Sindikunena kuti muzidana ndi anansi anu osapemphera, kapena kukana moni, kapena kusapita pamaliro awo. Paulo yemwe, mu 1 Akorinto 5, anati tikanati tipewe ochimwa onse a m'dziko tikanayenera kutulukamo m'dziko. Amene anati tisadye naye n'komwe ndi wotchedwa mbale amene akukhala m'chigololo, m'kuledzera kapena m'kulanda osafuna kulapa. Ndipo mawu aja timawaloweza, akuti "Musanyengedwe, mayanjano oipa aipsa makhalidwe okoma," analembera mpingo umene munali anthu okana kuuka kwa akufa, maganizo amene mathero ake ndi akuti tidye, timwe, pakuti mawa timwalira. Choncho Yonadabu wako akhoza kukhala pa benchi yomweyo ya kwaya, buku la nyimbo lili m'manja. Gulani kwa aliyense, thandizani aliyense, lirani ndi aliyense. Koma khutu lanu, chinsinsi chanu ndi madzulo anu musapatse munthu wosaopa Mulungu.

Kusiyana naye n'kowawa, zimenezo sindibisa. Mwina munakulira limodzi, munawedza limodzi, anakubwerekani ndalama mayi anu ali m'chipatala. Mubwezereni ndalama yakeyo, ngakhale pang'onopang'ono, kuti asakhale ndi chingwe chokukokerani. Muuzeni maso ndi maso kuti njira imeneyi ine ndaileka. Adzakusekani, adzakutchani abusa, masabata awiri kapena atatu, kenako adzapeza wina. Tulukani pa gulu lija la pafoni lero lomwe, osadikira Chaka Chatsopano. Ndipo musakhale nokhanokha, chifukwa munthu wosungulumwa amabwerera kumene anachoka. Pitani kwa mkulu wa mpingo, kwa malume anu, kwa mnzanu uja munamutaya chifukwa ankakuuzani zoona. Ifenso a mumpingo titsegule makomo athu. Tisamangodzudzula ana pa guwa, Lolemba n'kuwadutsa pamsewu ngati sitiwadziwa. Mnyamata uja atayamba kusowa ku kwaya, tonse tinaona, ine ndemwe ndinaona, koma palibe anapita kukagogoda pakhomo pake.

Loweruka likubwerali tibwereranso kundende kuja. Wapempha bulangete, mankhwala a mphere, ndi Baibulo lake limene analisiya pawindo. Mlandu wake sunalowebe m'khoti, ndipo mayi ake agulitsa kale mbuzi ziwiri.