Ndani akuona pamene boti lanu lagona usiku uno?

Nyengo yokweza matanga ikamayandikira, funso limakhala lomwelomwelo pakati pa ife oyenda panyanja: tiike app iti yoti tizionerana kumene tili ndi kumene tadutsa? Wina amati NoForeignLand, wina SeaPeople, wina Navily, wina Nebo, ndipo sipalephera kupezeka mkulu wina woti zonsezo n'zachibwana, iye wailesi ya VHF yolankhulirana panyanja imamukwanira. Mkangano umathera pa kukongola kwa mapu ndi kuchuluka kwa anthu amene alimo. Ine ndimayambira pena. Kadontho kosonyeza boti langa akukaona ndani, ndipo akukaona nthawi yanji? App imene siingandiyankhe zimenezi momveka tsiku loyamba lomwelo ndimaichotsa, kaya ikongole chotani.

Anthu ofuna kudziwa za ulendo wanu safuna chinthu chimodzi. A kunyumba amafuna kudziwa pamene muli panopa, kuti mtima ukhale m'malo. Amalinyero anzanu alibe nazo ntchito kwenikweni zoti muli pati ola lino. Iwo amafuna kudziwa pamene munagona dzana, ngati nangula anagwira, ngati pansi pake ndi mchenga kapena miyala, ngati mafunde amalowa usiku mphepo ikatembenuka. Ndiye pali anthu ena onse, osawadziwa, amene angotsegula akaunti basi. Ma app ambiri amafuna kuwaphatikiza onsewa pa mapu amodzi, chifukwa mapu odzaza timadontho toyenda ndi amene amakopa anthu atsopano. Phindu lake ndi la eni app. Inu mwapindulanji kuti munthu amene simunamuonepo adziwe kuti boti lanu lili lokha pa gombe lopanda nyumba?

Ndikudziwa zimene ena ayankhe: "Tili kale poyera, AIS imatiulutsa." Zoona ndithu. AIS, chipangizo chimene maboti amadziwitsirana nacho pamene ali, imalengeza dzina la boti, nambala yake yolizindikirira pa wailesi (MMSI), liwiro ndi kumene likulowera, pa mafunde a wailesi a 161.975 ndi 162.025 MHz, popanda kubisa chilichonse, ndipo aliyense wokhala ndi kachipangizo kolandirira akhoza kumva. Sitima zikuluzikulu, zoyambira matani 300 zoyenda m'mayiko, zimakakamizidwa kukhala nayo ndi malamulo a SOLAS, pangano la mayiko loteteza miyoyo panyanja. MarineTraffic, imene inayambira ku Greece mu 2007, ndi VesselFinder zimasonkhanitsa zimene milongoti ya kumtunda yamva n'kuziika pa intaneti. Koma AIS ya boti laling'ono imaulutsa ndi mphamvu yochepa, mawati 2 kapena 5, poyerekeza ndi 12.5 ya sitima zazikulu, choncho mukatalikira mlongoti mumazimiririka pa mapu aja, ndipo zipangizo zambiri za AIS zili ndi batani loti muzingomvera ena osadziulutsa. Chachikulu n'chakuti AIS siinena kuti mwatseka boti n'kupita kumtunda masiku atatu kukaona mapiri. Siionetsa chithunzi cha injini yanu yatsopano ya kaboti kopitira kumtunda, kapena nkhope za ana anu. App ndi imene imalumikiza zonsezi pamalo amodzi, ndipo timalemba tokha, mosangalala.

Amene amatsatira malipoti a Caribbean Safety and Security Net, gulu losonkhanitsa nkhani za umbanda wochitikira maboti ku Caribbean, amadziwa kuti nkhani yobwerezabwereza kumeneko ndi kubedwa kwa timaboti ting'onoting'ono ndi mainjini ake. Sindikunena kuti akuba onse amakhala pa foni kufufuza mapu. Ambiri amangoyang'ana ndi maso kuchokera pagombe. Koma palibe chifukwa chowapeputsira ntchito. Komanso kumbukirani za Strava, app ya othamanga ndi opalasa njinga, mu Januwale 2018, pamene mapu osonyeza njira zimene anthu amathamangamo anaulula maonekedwe a misasa ya asilikali ku Syria ndi Afghanistan. Panalibe amene anaba chinsinsi. Asilikaliwo ankangochita masewera olimbitsa thupi, osasintha mmene app inabwerera. Ndicho chifukwa ine ndimayang'ana kaye mmene app imakhalira munthu asanakhudze chilichonse. Ngati imayamba ndi kuonetsa aliyense, ndiye mudzivutikire nokha kufufuza pozimitsira, ndimadziwa maganizo a amene anaipanga.

Zimene ndimafuna n'zochepa. Ndizitha kusankha anthu oona kadontho kanga pa nthawi yomweyo. Ena onse aziona mzere wa ulendo wanga nditachoka kale pamalopo. Ndizitha kuzimitsa ndi kudina kamodzi, osati kufufuza m'kati mwa masamba ambirimbiri boti likugwedezeka. Ngati app ilibe njira yochedwetsa, ndimadzichedwetsa ndekha: ndimaika ulendo ndikazula nangula, osati ndikaponya.

Musandimve molakwa, sindine wodana ndi kugawana. Pali madera amene kudziwitsana msanga kumapulumutsa maboti. Kuyambira 2020, anangumi otchedwa orca akhala akugunda ndi kuthyola tsigiro la maboti a matanga m'mbali mwa Spain ndi Portugal, makamaka kufupi ndi Gibraltar ndi kumpoto cha ku Galicia, ndipo maboti ena anamira. Kumeneko lipoti la dzulo ndi la sabata yatha ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, chifukwa nyamazi zimasuntha potsatira nsomba za tuna. Munthu akalemba kuti waziona pamalo akuti mmawa uno, wina amene anali pafupi kunyamuka amasintha njira, n'kutsata gombe m'madzi osaya, kapena amadikira kaye padoko. Bungwe la Cruising Association la ku Britain limasonkhanitsa malipoti amenewa mogwirizana ndi akatswiri a gulu la GTOA lofufuza za orca. Apa ndi pamene ndimati gawanani msanga, ndipo gawanani ndi aliyense. Koma taonani chimene chikugawidwa: ndi malo a ngozi, osati malo amene banja lanu lagona.

N'chimodzimodzi ndi ndemanga za malo oponyera nangula. Mukufika madzulo, dzuwa likupendeka, mwatopa, mphepo ikuyembekezeka kutembenukira kumpoto pakati pa usiku. Mukutsegula app n'kupeza wina analemba kuti pakati pa gombeli pali udzu wokhawokha, nangula amangokhwekhwereza, koma cha kum'mawa pali mchenga woyera pa mamita 6. Chiganizo chimodzi chimenecho chimaposa zithunzi zonse za kulowa kwa dzuwa zimene zadzaza ma app amenewa. Koma ndemanga iyenera kukhala ndi tsiku, ndipo izisonyeza boti la amene analemba. Wa catamaran (boti la mathupi awiri) yolowa m'madzi mita imodzi akati "malo abwino kwambiri", ine wa boti lolowa mamita 2 ndiyenera kuwerenga ndi diso lina. Amene anagona pamenepo kuli bata sadziwa mmene pamakhalira mafunde akalowa. App imene imangoonetsa nyenyezi zisanu popanda tsiku, popanda mphepo ya usikuwo, ikukunamizani mwaulemu.

Ndipo apa ndi pamene nkhani ya kuchuluka kwa anthu imalowa, koma anthu a nyanja imene mukuyendayo, osati a dziko lonse. Navily ili ndi ndemanga zambiri pa nyanja ya Mediterranean. Nebo imakondedwa ndi oyenda ulendo wa Great Loop, wozungulira kum'mawa kwa America pamadzi. NoForeignLand mumapezamo ambiri mwa amene amakhala m'maboti mwawo chaka chonse n'kumaoloka nyanja zazikulu. App yabwino kwina ikhoza kukhala chipululu kwanu. Musanalembetse, kokerani mapu pa dera limene mudzayende mwezi wamawa, muwerenge ndemanga zingapo ndi masiku ake. Ngati yomaliza ndi ya zaka zitatu zapitazo, mwayankhidwa.

Tsopano za netiweki, pakuti apa ambiri amasokoneza. GPS ya m'foni siifuna intaneti. Imangomvera masetilaiti, ndipo imadziwa pamene muli ngakhale pakati pa nyanja. Chimene chimafuna netiweki ndi kutumiza malowo kwa ena. Mukangotalikira gombe pang'ono, foni imasowa mlongoti. App yabwino imapitiriza kujambula mzere wa ulendo mwakachetechete n'kudzautumiza netiweki ikabwerera. Yoipa imasiya mpata, kenako n'kujambula mzere wowongoka wodutsa pakati pa chilumba ngati munauluka. Iyeseni musananyamuke: zimitsani data, yendani ola limodzi, muone chimene yasunga. Muonenso batire, chifukwa foni imene ikujambula ulendo tsiku lonse imatentha n'kutha moto msanga, ndipo pa boti magetsi sachita kutola.

Pa maulendo aatali nkhani imasintha. Amene amaoloka Atlantic ndi ARC, ulendo wapagulu umene unayamba mu 1986, amachoka ku Las Palmas pa zilumba za Canary kupita ku Saint Lucia ku Caribbean, mtunda wa mamailosi apanyanja pafupifupi 2,700, masabata awiri kapena atatu osaona mtunda. Kumeneko kadontho kamayenda pokhapokha pali setilaiti: kachipangizo ngati Garmin inReach kodutsira pa masetilaiti 66 a Iridium, kapena Starlink, imene imapereka intaneti yeniyeni koma imadya magetsi kwambiri moti ambiri amaiyatsa kwa maola ochepa patsiku. Tsamba la inReach loonetsa ulendo mutha kuliika pasiwedi, ndipo PredictWind, app yolosera zanyengo panyanja, ilinso ndi tsamba lake loonetsa pamene boti lafika. Kwa a kunyumba, zimenezi n'zokwanira, ndipo sizifuna kuti agogo atsegule akaunti pa app ya amalinyero.

Koma kadontho koyenda nanu pa mapu ndi lonjezo, ndipo ambiri salilingalira. Taganizirani mayi amene azolowera kudzuka mmawa uliwonse n'kuona kuti mwana wasuntha pang'ono kulowera kumadzulo. Tsiku lina akutsegula, kadontho kali pomwe kanali dzulo madzulo. Akutsekanso, akutsegulanso. Akuyesa foni ya mdzukulu. Masana asanakwane aimbira aliyense amene akumudziwa, wina wayamba kale kufufuza nambala ya opulumutsa anthu panyanja. Chonsecho pa boti paja anthu ali bwinobwino, akusoka thanga, kungoti waya wotchajira wadyeka ndi mchere. Choncho musanapereke linki kwa aliyense, khalani nawo pansi. Auzeni kuti kadontho kakaima sindiye kuti boti laima. Sankhani munthu mmodzi wodekha, mumupatse ndondomeko ya ulendo, dzina ndi maonekedwe a boti, chiwerengero cha anthu, tsiku limene mukuyembekezera kufika, ndi tsiku limene ayenera kuyamba kuimba mafoni ngati simunamveke. Ena onse azifunsa kwa iyeyo. Ndipo ndimakonda app imene imalemba poonekera kuti malowa ndi a maola angati apitawo, m'malo mongoonetsa kadontho kowala ngati kuti n'kapompano.

Za kupulumutsidwa sinditaya nthawi. Palibe app ya macheza imene ili chida choitanira thandizo. Ntchito imeneyo ndi ya tchanelo 16 pa VHF, batani lofiira la DSC lotumizira uthenga wa ngozi pa wailesiyo, ndi EPIRB, chipangizo choulutsa kuti muli pangozi, yolembetsedwa m'dzina la boti lanu, imene imatumiza pa 406 MHz kudzera pa masetilaiti a Cospas-Sarsat mpaka kwa anthu amene amagwira ntchito usana ndi usiku. Anzanu a pa app mwina ali m'tulo.

China chimene anthu safunsa ndi khomo lotulukira. Maulendo a zaka zambiri akakhala m'app imodzi, ndi ndani mwini wake? App ya macheza ya Google+ inatsekedwa mu 2019, ya kampani yaikulu choncho, nanga kuli bwanji app yopangidwa ndi anthu ochepa amene mawa akhoza kugulitsa kapena kutopa? Mu Julaye 2020 makompyuta a Garmin anagwidwa ndi mbava za pa intaneti, ndipo app yawo ya Garmin Connect inakhala masiku angapo osagwira ntchito. Ngakhale zolimba zimagwa. Choncho ndimafufuza ngati ndingatulutse maulendo anga ngati fayilo ya GPX yosungira mizere ya maulendo, imene imatseguka mu OpenCPN ndi mapulogalamu ena ambiri a mapu. Ndimafufuzanso ngati kufufuta akaunti kumafufutadi mizere yanga. Buku la pepala la ulendo ndimalembabe, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndikudziwa achinyamata akuseka.

Pali mkangano umodzi umene sindinaumalize ndi anzanga. Mukapeza gombe labata, lopanda boti lina, kodi muliike pa mapu? Ena amati kubisa ndi umbombo, popeza nafenso tinathandizidwa ndi zolemba za ena. Ine ndimapendekera kwina. Malo ena sangapirire anangula makumi awiri usiku umodzi. Ku zilumba za Balearic za ku Spain anaika lamulo mu 2018 loteteza udzu wa pansi pa nyanja wotchedwa posidonia, umene umakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo tcheni cha nangula chimaumweta boti likamazungulira ndi mphepo. Ndimalemba mosaumira za ngozi, za mwala wosaoneka pa mapu, za potunga madzi ndi pokonzetsa injini. Za gombe laling'ono losalimba ndimauza munthu pakamwa, nditaona mmene amaponyera nangula wake.

Musanakhulupirire zimene app ikunena za chinsinsi chanu, chitani ichi: ikani zonse mmene mukufunira, kenako mupemphe munthu amene si mnzanu pa app imeneyo akufufuzeni ndi foni yake, inu mukuonerera. Alembe dzina la boti, akokere mapu pamene mwaima. Chimene iye akuona ndicho chimene dziko likuona. Ndipo mufunse onse amene mwakwera nawo, chifukwa malo a boti ndi malo a munthu aliyense ali mmenemo, ndipo wina akhoza kukhala ndi chifukwa chake chosafunira kupezedwa, chimene sakuyenera kukufotokozerani. Pa boti langa mmodzi akakana, mapu a anthu onse timazimitsa mpaka atatsika, kumatsala linki ya pasiwedi ya munthu mmodzi uja wa kumtunda.