Timawerenga makina otsuka magazi, nanga anamwino ake?

Nkhani ya matenda a impso ikabuka, timathamangira kufunsa kuti ku Kamuzu Central kuli makina angati, ku Gulupu angati. Anzathu a ku Zambia amanyadira kuti kupatula chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, munthu amatha kutsukidwa magazi ku Ndola, Kitwe ngakhale Livingstone, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA n'kuthandizapo pa malipiro. Apo atiposa, tivomere. Koma amene anadikirirapo m'bale wake maola 4 ali pa makina amadziwa kuti chachikulu ndi namwino.

Ndiye amamukweza wodwala pa sikelo n'kuwerengera madzi oti achotsedwe m'thupi. Akapyoza muyezo, BP imatsika mwadzidzidzi, miyendo n'kuyamba kukokana. Ndiyenso amagwira fistula, mitsempha ija madokotala amailumikiza pamkono, kuti amve ngati ikunjenjemera, ndipo salola aliyense kuyeza BP kapena kutenga magazi pamkono umenewo. Kachubu ka pakhosi kolumikizira wodwala ku makina kakagwiridwa ndi manja osasamba, majeremusi amalowa m'magazi pompo. Wodwala hepatitis B amafunika makina akeake. Madzi nawo si nkhani yamasewera: ulendo umodzi umatha malita pafupifupi 120, ndipo onsewo ayenera kusefedwa bwino.

Ku Joni anaiona msanga mfundo imeneyi. Bungwe loyang'anira anamwino kumeneko, South African Nursing Council, limazindikira unamwino wa impso ngati ukatswiri pawokha, wokhala ndi dipuloma yake. Komatu musafulumire kusirira. Zipatala za boma kumeneko zimasankha woti aikidwe pa makina, makamaka amene angathe kudzaikidwa impso ina. Mu 1997 Thiagraj Soobramoney wa ku Durban, atakanizidwa kuikidwa pa makina, anakadandaula mpaka ku khothi la malamulo aakulu a dziko, analuza, posakhalitsa n'kumwalira.

Kwathu kuno m'chipatala cha boma sulipira, bola malo apezeke. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anamwino ambiri luso limeneli amalitola pa wodi, poonera akuluakulu awo. Ndi luso lenileni, sindikunyoza, koma mmodzi akasamutsidwa kapena akapita ku Britain, amapita nalo.

Chilipo china chimene namwino wathu amaposera buku lochokera kunja. Bukulo lidzachenjeza za potaziyamu wa mu nthochi, mapeyala ndi mbatata. Koma potaziyamu alinso m'chidulo, ndipo wa kwathu yekha ndiye angakumbukire kufunsa kuti, “Amayi, therere lija mukuthirabe chidulo?”